Kaputeni wa Boti la Nkhuku

Amuna anga anthu amawatchula kuti a Phee, ndipo dzinalo silinawagwere mwangozi. Amayendetsa boti lonyamula simenti, malata ndi mbuzi kupita kuzilumba zakutali, kumene foni ikafika imangotsala ndi ntchito ya tochi. Akachoka padoko ine ndimatsala ndi mwana kumsana, osadziwa chilichonse mpaka tsiku limene adzatulukirenso pakhomo.

Ulendo wina anachedwa mopitirira muyezo. Anthu oyandikana nafe anayamba kundilankhula motsitsa mawu ngati tili m'chipatala. Mayi wina ankabwera kudzandisesera pabwalo osamupempha. Mwamuna wake anandifunsa, maso ali pansi, kuti kodi a Phee amavala nsapato za nambala chani. Tsiku limene anabwera kudzaziyesa ndi lomwe a Phee analowa m'nyumba, atada ndi dzuwa ngati kunsi kwa mphika, n'kukhala pampando wawo.

"Bambo a mwana, munali kuti masiku onsewa?"

"Injini."

"Injini yatani?"

"Yakonzedwa."

Nkhani yonse inathera pomwepo. Bambo woyandikana nafe uja anavula nsapato imodzi yomwe anali atalowetsamo kale phazi, anaiika bwinobwino pafupi ndi inzake, n'kutuluka chafutambuyo.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, mwanayu anandipeza mabuku ali pakati. Koma chinthu chikandivuta sindichikhalira pansi, ndimachifunira njira. Ndinawauza a Phee kuti botilo silichokanso popanda wailesi yoti ndizimverapo kuti ali moyo. Sindinkafuna macheza ayi. Ndinkafuna liwu limodzi m'mawa uliwonse, kuti ndizidziwa ngati malaya awo ndiwachape kapena ndiwapinde. Iwo anagwedeza mutu, ndipo njinga yawo yamoto, yomwe inkangodontha mafuta pakhonde, inapeza mwini wina.

Sitolo ya zipangizo za maboti imanunkha utoto ndi zingwe zonyowa. Mwini wake ndi bambo wamfupi wa magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu, ndipo tsiku lonse amakhalira kuwafunafuna.

"Mayi, mawailesi alipo mitundu iwiri," anatero akuika patebulo kanthu kofanana ndi sopo wochapira. "Aka kamafika pomwe maso afika. Boti mukuliona, mulankhula nalo."

"Ndikamaliona ndimangokuwa. Inayo?"

Anawerama, anabuula, n'kutulutsa chibokosi chotuwa cholemera ngati mwana wosiya kuyamwa, chodzaza mabatani, cholankhulira chili lende pa chingwe chopotana.

"Iyi ndiye ya anthu a maulendo ataliatali. Imaponya mawu kumwamba, mawuwo amakagunda kumeneko n'kutsikira kutali. Kutali kwenikweni, mayi. Wina amene anagula ngati yomweyi analankhula ndi munthu wa kudziko kumene madzi amauma ngati mwala."

"Anauzana chiyani?"

"Sanamvane. Koma analankhula."

Ndinafunsa zondikhudza: ngati imadya batire kwambiri, ngati imaopa kunyowa, ngati mlongoti wake ungapirire mphepo. Cholankhuliracho ndinampatsa mwana kuti atafune, chifukwa chinthu chimene chapulumuka m'kamwa mwa ameneyu nyanja singachichite kanthu. Chinatuluka chonyowa koma chathunthu. Ndinati andikulungire ziwiri, ya m'boti ndi ya kunyumba.

"Koma musayatse," anatero akumanga. "Popanda chiphaso, mukangotembenuza batani amamva."

"Ndani?"

Analoza kudenga ndi chibwano.

"Nanga ndidziwa bwanji kuti ndi zamoyo?"

"Mukatenga chiphaso muyatsa."

"Zikapezeka zakufa?"

"Mudzakhala ndi chiphaso cha wailesi yakufa. Simudzakhala oyamba."

Ofesi ya ziphaso ili pamwamba pa nyumba yosanja, kumapeto kwa kanjira kodzaza mipando yothyoka. Bwana wake ndi munthu woonda, waulemu, wa tayi yofika pa lamba, ndipo kapu ya tiyi amaigwira ndi manja awiri ngati ithawa. Za wailesi ya a Phee sizinavute, kupatula mayeso a pakamwa.

"Tiyerekeze kuti mukumira, bambo. Mutchule dzina la boti katatu, kenako munene vuto lanu."

Boti la amuna anga dzina lake ndi Pang'onopang'ono.

"Pang'onopang'ono," anatero a Phee.

Tinadikira. Fani ya kudenga inazungulira, inazunguliranso.

"Katatu, bambo."

"Amva kale."

Ndinaima kumbuyo kwawo n'kuwatsina m'nthiti. Dzina linatuluka. Ndinatsinanso, linatulukanso. Atafika pa vuto lawo anati, "Mkazi wanga," ndipo bwana anati akhoza, poti mawuwo anamveka bwino.

"Yachiwiriyi ikakhala m'boti liti?" anafunsa bwanayo.

"Ikakhala pamwamba pa kabati, kunyumba."

Anaika kapu pansi. "Nyumba yanu imayandama?"

"Nthawi ya mvula imayeserako."

"Pepani mayi. Chiphaso ichi ndi cha maboti. Boti limalankhula ndi boti linzake. Nyumba ikafuna kulowerera nkhani za maboti, iyambe yakhala boti."

Sindinakwiye. Kukwiya mu ofesi n'kungodzionjezera ulendo wina wokwera masitepe. Ndinatsitsa mwana, ndinamupatsa bere, n'kufunsa kuti kodi boti kwa iwo n'chiyani. Nkhope yawo inawala. Zinkaonekeratu kuti akhala zaka akudikira munthu woti adzawafunse zimenezi. Anawerenga pa zala: likhale ndi dzina, kaputeni, nangula, majekete oyandamitsa okwanira aliyense wokwera, choliza chochenjezera ena pa chifunga, ndipo pansi pake pakhale madzi.

"Madzi ochuluka bwanji?"

Anatseka maso, milomo ikuyenda yokha. Anatsegula.

"Olemba lamulo sananene," anatero mosangalala.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli boti lakale la apongozi anga aamuna, bambo awo a Phee. Linatuluka m'madzi ine ndisanakwatiwe, analikhazika pa matayala, ndipo nkhuku zinaliona kuti n'labwino. Apongoziwo ndi amene anamaliza mawu onse a m'banja limenelo, moti mwana wawo pobadwa anapeza palibe chotsala. Nditawafotokozera, anadzuka pampando ngati bondo silinawapwetekepo.

"Ndinkadziwa ine kuti lidzabwerera pantchito! Ndinkawauza anthu, iwo kumandiseka. Apongozi, musavutike, kaputeni mwamupeza kale, ndi ine ndaima pano."

"Bambo, inu mukagwira cholankhulira batire lifa musanamalize moni."

"Boti ndi langa!"

"Wailesi ndi yanga."

Tinagwirizana kuti kaputeni ndikhale ine, iwo akhale mkulu woyang'anira injini. Injini munalibe, pamalo pake pankaikira nkhuku yakuda, koma iwo anakagula chipewa.

Ndinapala zitosi, ndinakhoma thabwa loikapo wailesi ndi batire, a Phee anaimika mlongoti. Dzina ndinalemba ndi utoto wotsala wa chitseko: Tili Pano. Sindinafune kunamiza aliyense. Nangula apongozi anamuponya m'dimba la tomato, akufuula kuti aliyense agwiritsitse. Pansi pa boti ndinalowetsapo beseni losambitsira mwana, lodzaza mpaka m'milomo.

Bwana wa ziphaso anabwera m'mawa ndi ambulera. Anayala mpango wake pansi, anagwadapo, anapisa dzanja kunsi kwa boti, anatulutsa chala chonyowa n'kuchiyang'ana padzuwa.

"Madzi," anatero.

Anakwera makwerero. Atangoponda m'kati nkhope inatuwa, anagwira m'mphepete ndi manja onse.

"Mwatani, bwana?"

"Ine pamadzi ndimachita chizungulire. N'chifukwa chake anandipatsa ofesi ya pamwamba."

"Komatu silikuyenda."

"Iuzeni mimba yanga."

Apongozi anawalimbitsa mtima kuti nyanja ya lero ndi yabata, akanaona dzulo. Bwanayo anakhala pansi, n'kupezeka akuyang'anizana maso ndi maso ndi nkhuku yakuda ija.

"Awa ndi okwera kapena katundu?"

"Kusiyana kwake?"

"Akakhala katundu, mupite ku ofesi ya katundu. Idzatsegulidwa wosunga makiyi akachira. Akakhala okwera, aliyense jekete yake."

"Ndi okwera."

Ndinatola mabotolo apulasitiki opanda kanthu, ndinang'amba nsalu yakale, n'kumangirira nkhuku iliyonse botolo pamsana. Zinkayenda m'botimo ngati ana a sukulu obereka zikwama. Tambala yekha ndiye anakana. Anandijompha padzanja, anathawira kutsogolo kwa boti, n'kulira mpaka bwana anatseka makutu.

"Choliza pa chifunga," anatero. "Chimenecho sichivala jekete. Ndi chipangizo."

Anadinda chiphaso atachitsamiritsa pabondo. Anatipatsa mzere umodzi wolankhulirana, ife ndi Pang'onopang'ono, n'kuchenjeza kuti beseni likangouma, Tili Pano ndi khola ndipo ine ndi mayi wamba wophwanya malamulo. Atatsika anaima kaye atakumbatira mtengo wa papaya, akuthokoza kuti wafika kumtunda. Kuyambira tsiku limenelo mwana amasambira m'ndowa, choimirira.

A Phee ananyamuka ndi simenti yawo. Tinapangana kuti m'mawa uliwonse, dzuwa likangofika pa mpanda, ndiziitana.

M'mawa woyamba ndinakwera m'boti, mwana kumsana, ndinayatsa. Wailesi inali yamoyo, inkalira ngati mafuta akupsa m'chiwaya. Ndinaitana Pang'onopang'ono katatu monga mwa lamulo. Zii. Ndinaitananso. Kenako panamveka mawu a bambo, aakulu, omveka ngati ali kuseri kwa mpanda, akulankhula chinenero chimene sindinachimvepo chibadwire, chochokera pakhosi penipeni. Sanali a Phee. Munthuyo asanapume n'komwe anali atalankhula zoposa zimene a Phee alankhula kuyambira tsiku la ukwati wathu.

Mawa lake chimodzimodzi, mkuja wake chimodzimodzi. A Phee kulibe, bambo wachilendoyo alipo, pa nthawi yake. Apongozi anapempha kuti angomupatsako moni, ndipo posakhalitsa anali atakhala pachibale. Anamutcha a Kutsidya. Iwo ankamuuza za kukwera mtengo kwa utoto ndi za bondo lawo, iye ankayankha zake, n'kumasekera limodzi. Tsiku lina anakangana kwambiri, apongozi mpaka kuvula chipewa n'kuchimenyetsa pansi, mawa lake anakhululukirana. Anayambanso masewera ophunzitsana mawu. Apongozi akati "nkhuku", a Kutsidya ankabwereza "nkhuku" mosamala ngati anyamula dzira, kenako ankanena lawo, apongozi n'kulibwereza mpaka kutsamwa.

Ine zonsezi sizinkandiseketsa. Njinga inapita, nkhuku zavala mabotolo, mwana akusamba choimirira, koma sindinkadziwabe ngati bambo ake akupuma. Kale nkhawa inkandigwira akachedwa. Tsopano inkayamba m'mawa uliwonse, dzuwa likangofika pa mpanda. Mayi woyandikana nafe uja anayambanso kuyang'ana tsache lake akandiona.

Ndinabwerera kusitolo. Mwini wake anali mkati mofunafuna magalasi.

"Ali pamutu," ndinatero. "Wailesi yanu ikundipatsa mwamuna wa eni ake."

"Akumveka bwino?"

"Ngati ali m'thumba mwanga."

"Ndiye ikugwira ntchito. Anuwo ali kuti?"

Ndinamuuza kuti pofika pano ayenera kukhala pakati pa zilumba.

"Aaa, mayi. Ali pafupi kwambiri."

"Pafupi? Ulendo wogona m'njira?"

"Kwa inu n'kutali, kwa wailesi m'pakhonde. Taonani." Anatenga mpukutu wa chingwe n'kuuponya pamwamba pa shelefu. Unakagwera kuseri, pa zitini za utoto. "Munthu atatsamira shelefuyi, wamugunda? Ayi. Wamudutsa pamutu. Pa mzere umene anakupatsaniwo mawu anu amawalumpha anuwo n'kukatera kwa mnzanuyo. Nawonso awo amakulumphani inu."

"Bwanji simunandiuze?"

"Munati yofika kutali."

"Ndiye nditani?"

"Muwauze apite kutali."

"Ndiwauze bwanji?"

"Pa wailesi."

Ndinamuyang'ana mpaka anapeza magalasi onse awiri n'kuwavala pamodzi.

Ku ofesi bwana anandilandira ngati mnzake amene anapulumuka naye pa ulendo woopsa. Anati mzere wina, wa apafupi, ulipo ndithu, koma amaupereka kwa maboti amene anayendapo ulendo n'kubwerako. Anafunsa ngati Tili Pano lili ndi maganizo oyenda. Ndinati tomato sanapse, nangula sangazulidwe. Anamvetsa.

M'njira monse ndinkaganiza za mpukutu uja. Ngati wanga ukugwera pa zitini, wa a Phee ukugweranso pa zitini zomwezo. Ndipo munthu amene waima pa zitinipo akaponya wake, utigwera tonse awiri. Zikutanthauza kuti amuna anga, ngati ali moyo, m'mawa uliwonse amakhala pakati pa nyanja akumvetsera mlendo akuti "nkhuku", osaonapo chachilendo choti n'kuyankha.

Kutacha ndinawalanda apongozi cholankhulira asanafike pa nkhani ya bondo.

"Bambo, muuzeni mnzanuyo masewera ayambe. Lero mphunzitsi ndine."

Anasendeza mutu pafupi ndi dzanja langa. "A Kutsidya! Tcherani khutu achimwene, akubwera apongozi anga, kaputeni. Ndi aukali koma mtima ndi wabwino."

Ndinatchula dzina la boti la amuna anga. A Kutsidya anabwereza, lilime likupunthwa. Ndinatchulanso, anabwereza. Kachitatu analitchula bwino kuposa mwini boti. Kenako ndinati, "Bambo a mwana, muli moyo?" Anabwereza zonse, ndi ukali wanga womwe, moti ndinachita manyazi kumva mmene ndimamvekera. Mwana analira kumsana. A Kutsidya anazengereza pang'ono, kenako nawonso analira, mokhulupirika ndithu.

Basi kunali zii, mafuta okha m'chiwaya. Apongozi anatsegula pakamwa, ndinawaloza chala, anatseka. Nkhuku ina inadutsa pa mapazi anga, botolo lake likugunda m'matabwa. 

A Kutsidya anakonza pakhosi. Ananena liwu limene ine kapena apongozi sitinawaphunzitsepo, ndipo analinena motsitsa, mwaulesi, ngati akulitulutsa m'thumba lothina.

"Eya."

Ndinakhala pa thabwa. Komabe ine sindigula chinthu ndisanachitembenuze. "Eya" aliyense angathe kunena, ngakhale munthu wa boti lina wongofuna kundichitira chifundo.

"Muli kuti?" ndinafunsa.

A Kutsidya anapititsa funsolo. Tinadikira nthawi yokwanira munthu kufotokoza chilumba chimene ali, mmene mphepo ikuwombera, ndi tsiku limene abwere.

"M'boti," anatero a Kutsidya.

"Ndi yemweyo!" anakuwa apongozi, chipewa chili m'mwamba. "Ndi mwana wanga ameneyo! Panyanja yonse palibenso wina angayankhe choncho! Kaputeni, ndipatseni ndimuuze kuti..."

Sindinawapatse. Ndinkadziwa chimene chikundibwerera. A Kutsidya ndi munthu wosasiya kanthu panjira, akanachinyamula chonse mmene chilili n'kukachitula kwa a Phee pakati pa nyanja. Choncho ndinayamba ndazimitsa wailesi, kenako n'kulira.